Thanki ya pa Chulu ndi Paipi Yopanda Mwini

Mukadzamva wina akufotokoza kuti kumudzi watsopano kumene ndimakhala kunachitika chozizwa, madzi anatuluka pampopi wouma azimayi ali mkati mopemphera, musamutsutse. Zinachitikadi. Koma dziwani kuti chozizwacho ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo manyazi ake sindinachire mpaka lero. Ndikulemba izi mtima ukuwirabe. Olakwa pankhaniyi tilipo atatu, ngakhale mkazi wanga, amake Misozi, akuti wolakwa ndi mmodzi yekha ndipo amagona naye chipinda chimodzi.

Tinakhala ku Chifubu zaka zambiri, nyumba ya lendi, zipinda ziwiri, chimbudzi chogawana ndi mabanja atatu. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya zomangira nyumba m'tauni ya Ndola. Ndimagulitsa mapaipi, mipopi, masinki, zonse za madzi. Ndiye kampani ina itagula famu kunja kwa tauni n'kuidula mapuloti, ndinali m'gulu la anthu oyamba kuthamangirako. Wogulitsa mapulotiwo anali a Chileshe, bambo wa suti yonyezimira, amene akamayankhula amakugwira paphewa ngati munakulira limodzi.

Ndinawafunsa za madzi. Mulungu ndi mboni, ndinafunsa.

"Awe mukwai, madzi musadandaule," anatero a Chileshe, akundilemekeza m'Chibemba. "Mapaipi tinayala kale. Bwerani muone."

Anandionetsadi. Puloti iliyonse inali ndi kapaipi kake kotulukira pageti, kokhala ndi chotsekera chake, chimene ife ogulitsa timati valavu. Ndinasankha puloti ya pamtunda penipeni, pamene pali chulu chachikulu kuseri, kuti ndiziona mudzi wonse m'munsi mwanga (musandiseke, munthu wochokera m'zipinda ziwiri amafuna kuona patali). Ndinamanga pang'onopang'ono. Ndinaikamo shawa, sinki ya zitsulo, chimbudzi chogujumula choyera mbee. Tinasamuka. Ndinatsegula mpopi wa kukhitchini, munatuluka kangaude.

Nkhani yake ndi iyi, abale anga. Paipi yaikulu ya madzi a tauni imadutsa tsidya lina la msewu wa tara. Mapaipi a kampani ya a Chileshe amathera tsidya lino. Pakati pake palibe kanthu. Ndinayesa ndi mapazi anga, ndi mapazi 43 basi. Madzi timawamva ndithu akuyenda m'paipi yaikuluyo tikamadikira minibasi, koma ife timakatunga kuchitsime cha eni famu akale, ndi wilibala.

Anzanga anandisankha kukhala wapampando wa komiti yomenyera madzi, poti ndine wodziwa mapaipi. Ndinapita kwa a Chileshe. Iwo akuti, "Ife gawo lathu tinamaliza. Msewu ndi wa khonsolo. Ine ndingakumbe msewu wa boma? Mukufuna andimange?" Ndinapita kukhonsolo. Mayi wa kumeneko anatulutsa fayelo, n'kundilozera ndi cholembera. "Onani apa, bambo. Womanga mudzi ndiye amafikitsa paipi yake pa paipi yathu. Anasaina okha. Ife ntchito yathu ndi kulumikiza ikafika." Ndinabwerera kwa a Chileshe. Akuti ndalama ya zimenezo analipira kale kukhonsolo. Ndinabwerera kukhonsolo. Akuti ndalama imene analipira inali yovomerezera mapulani, osati yokumbira msewu. Zaka ziwiri, anthu inu! Nsapato zinandithera pa mapazi 43. Aliyense ali ndi pepala lake, aliyense akulankhula mwaulemu, ndipo onse awiri madzulo amakasamba pashawa kwawo.

Tsopano mwana wathu Misozi, mphunzitsi ku Kitwe, anapeza mnyamata womukwatira, dzina lake Bwalya. Ankhoswe anakambirana zawo n'kumaliza. Chinatsala n'chakuti makolo a mnyamatayo, bambo ndi mayi Mwansa, abwere Loweruka kudzaona pakhomo, tidziwane ngati asewere. Nditafunsa kuti amakhala kuti, Misozi anati ku Nkana East. Mtima wanga unangoti phaa. Ku Nkana East, kumene anthu amathirira maluwa ndi madzi oti ine ndingamwe! Nyumba ija ndinaimanga kuti mwana wanga akamadzakwatiwa, adzatuluke pakhomo poti sangachite napo manyazi. Ndiye asewere adzalowe m'chimbudzi choyera chija n'kupeza ndowa ndi kapu? Ndinati ayi, ine ndikali moyo sizichitika.

Nzeru inandibwerera ndili pantchito. Mnzanga wa kutchalitchi anali ndi thanki yaikulu yobiriwira imene inangokhala pabwalo. Ndikaiika pamwamba pa chulu chija, n'kuilumikiza ku paipi ya nyumba, madzi azitsika okha, mipopi yonse iziyenda. Tsiku limodzi lokha. Alendo akapita, thanki ibwerere kwa mwini wake.

Amake Misozi atamva, anandifunsa:

"Atate ake Misozi, bwanji osangowauza anthuwo kuti kuno madzi sanafike? N'chamanyazi chanji? Munawabisa ndinu madziwo?"

"Inu simudziwa anthu a ku Nkana East," ndinatero.

"Nanga inu mumawadziwa?"

Anati ndiitane pulambala. Ndinakana. Pulambala wa kuno ndi mmodzi, ndipo pakamwa pake ndi wailesi. Komanso ine, munthu wogulitsa mapaipi zaka 19, ndikalipire wina kuti andilumikizire paipi imodzi? (Apa ndivomere: zaka zonsezo ndimagulitsa chabe. Sindinamangepo paipi ndi imodzi yomwe. Koma pa nthawiyo zimenezi sizinandibwerere m'mutu.)

Misozi anafika Lachisanu. Sindinamuuze kanthu, ana a masiku ano amafunsa mafunso ambiri. Loweruka m'mawa amake anamutenga kupita kumsika, ndipo galimoto ya bambo wina wogulitsa madzi a pa mjigo inafika kudzera njira ya kuseri. Tinakweza thanki pachulu, tinaidzaza, ndinaiphimba ndi masamba a nthochi. Paipi yoonda yochokera kuthanki ndinailumikiza ku paipi ya nyumba, n'kuikwirira ndi dothi. Ndinayesa mpopi wa kukhitchini kamodzi. Madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kundinyowetsa malaya. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinathamanga kukatseka kuthanki kuti ndisawononge dontho, alendo akafika ndidzatsegule.

Cha m'ma 12 awazi masana ndinaona galimoto yoyera ikukhota pa msewu wa tara. Ndinakwera chulu ndi nsapato za kutchalitchi, ndinatsegula thanki, ndinatsika, ndinapukuta fumbi, n'kukaima pageti ngati munthu amene moyo wake wonse sanakwerepo chulu.

Bambo Mwansa ndi munthu wamtali, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, wopuma ntchito ya kumgodi. Mayi Mwansa ndi wamfupi, wansangala. Titapatsana moni, Chibemba chathu ndi Chinyanja chawo zikuthandizana, bambo Mwansa anayamba kuyenda kulowera kumbuyo kwa galimoto, makiyi ali m'manja.

"Asewere, tabweretsako kanthu kakang'ono..."

"Siyani katundu, siyani!" ndinawadula. "Choyamba bwerani muone nyumba."

Ndinawalowetsa. Ndinatsegula mpopi wa pasinki, waa! Ndinatsegula shawa, waa! Ndinagujumula chimbudzi kawiri popanda chifukwa. Bambo Mwansa anayang'ana akazi awo. Mayi Mwansa anayang'ana pansi. Ine ndinayesa kuti agoma.

"Kansi madzi alipo kuno?" anafunsa bambo Mwansa.

"Usana ndi usiku," ndinatero. "Mpaka timatopa nawo."

Misozi anali pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja, maso atatuzuka, akuyang'ana mpopi kenako ine, mpopi kenako ine. Ndinamutsinzinira diso. Amake anamukokera m'khitchini.

Tinakhala pansi, tinapemphera, tinayamba kudya. Nkhuku ya lokolo, mpunga, chikanda chimene amake Misozi anagula dala poti alendo ndi Abemba. Nkhani zinali kuyenda bwino. Bambo Mwansa anali kufotokoza za mgodi, ine ndikuvomera ngati ndinalowamo. Kenako kunja kunamveka nthungululu.

M'munsi mwa nyumba yathu mumakhala amayi Daka, mayi wamasiye wochokera ku Katete, munthu wabwino kwambiri amene sindinayambanepo naye. Loweruka lililonse iwo ndi azimayi a mpingo wawo ankasala kudya n'kupempherera madzi, atazungulira mpopi wa pabwalo pawo. Mpopiwo ankausiya chitsegulire, akuti chikhulupiriro sichitseka mpopi. Ndiye tsiku limenelo, ali mkati mwa pemphero, mpopi unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira valavu ya pageti. Paipi ya nyumba yanga ndi yolumikizana ndi mapaipi a kampani, ndipo valavu ija inali yotsegula chiyambire tsiku limene ndinatulutsa kangaude. Nyumba yanga ili pamtunda. Madzi sakwera phiri, amatsika. Thanki yanga inali kumwetsa mudzi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali kulitafuna pamaso pa asewere.

Ndinafuna kudzuka kuti ndikatseke, koma ndinachedwa. Nthungululu zinachuluka. Wina anali kufuula m'Chibemba, "Amenshi yaisa! Amenshi yaisa!" Wina m'Chinyanja, "Madzi abwera! Tsegulani mipopi!" Ndinamva zidebe zikugundana, ana akukuwa, khomo ndi khomo mipopi ikutsegulidwa. Mawu akuti "tsegulani" aja ankandibaya ngati singano. Kenako nyimbo inayamba kukwera mtunda, kulunjika kwathu.

Anaima pageti, anthu osachepera makumi atatu, amayi Daka patsogolo, chitenje chonyowa, misozi ili mbwembwembwe. Anaimirira pamwamba penipeni pa valavu ija.

"A tcheya! Tulukani a tcheya! Mwamenya nkhondo, Mulungu wayankha! Zaka ziwiri popanda dontho, lero taona madzi!"

Bambo Mwansa anaika foloko pansi mwaulemu.

"Asewere, akuti zaka ziwiri popanda dontho?"

"Ndi am'munsi amenewo," ndinatero. "Am'munsi amavutika."

(Taganizani bodza limeneli. Munthu wa kumgodi, wodziwa kupopa madzi pansi pa nthaka, ndikumuuza kuti madzi amafika pamtunda n'kukanika kutsika.)

Ndinatuluka. Anandinyamula, abale. Amuna anayi anandikweza m'mwamba, suti ndi nsapato zomwe, akuimba. Ine m'mwambamo maso anali pachulu. Ndinayesa kunena kuti, "Tsekani kaye mipopi, madzi oyamba amakhala akuda," koma ndani akanandimva? Bambo wina anali atayamba kale kutsuka njinga.

Ndiye ngati tsoka silinakwane, a Chileshe anatulukira. Loweruka amabwera ndi anthu ofuna mapuloti, ndipo tsiku limenelo anali ndi banja lina. Munthu ameneyu, amene akudziwa bwino lomwe kuti pansi pa msewu palibe paipi, sanadabwe ngakhale pang'ono. Sanafunse kuti madzi achokera kuti. Anangotulutsa foni n'kuyamba kujambula.

"Mwaona? Mwaona mukwai?" anali kuuza makasitomala ake. "Ndinalonjeza madzi, ndi awa madzi. Ba tcheya, nenani mawu pang'ono anthu amve."

Ndinalakalaka kumuluma. Madzi anga, ogula ndi ndalama yanga, okwezedwa pachulu ndi msana wanga, munthu akugulitsira mapuloti ine ndili pompo! Koma ndikanati chiyani? Ndikanena kuti madziwo si ake, andifunsa kuti ndi a yani. Ndinamwetulira pa foniyo ngati mbuzi yoona mpeni, n'kunena kuti, "Tikuthokoza."

Atanditsitsa, amake Misozi anali pakhonde. Anandikodola.

"Asewere anu aamuna alowa m'chimbudzi," ananong'ona.

"Nthawi yanji?"

"Kalekale. Ndipo kukhitchini mpopi wasiya."

Nthawi yomweyo nyimbo inayamba kuzirala. M'munsi wina anakuwa kuti madzi aleka. Wina anati kwawonso. Anthu anakhala chete, akuyang'anana, zidebe zili theka. Ndipo m'kachetechete ameneyo, kuchokera pamwamba pa chulu, thanki yopanda kanthu inalira mokweza, gudugudugudu, ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Mitu yonse inatembenuka. Masamba a nthochi anali atafota ndi dzuwa, ena atagwa, ndipo thanki inali kuonekera bwinobwino, ndi paipi yake yotsikira kunyumba kwanga.

Amayi Daka anayang'ana thanki. Anayang'ana ine. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"A tcheya," anatero motsitsa mawu, "ife tamasula kusala kwathu chifukwa cha dramu lanu?"

Ndinalibe poyika nkhope. A Chileshe anali ataika kale foni m'thumba, akukankhira makasitomala awo kugalimoto.

Ndinathawira m'nyumba. Mukhonde la mkati munali zii. Kuchokera kuchimbudzi kunkamveka chogujumulira chikulira chouma, kwatcha, kwatcha, kenako chete, kenako kwatcha. Bambo wamkulu, wa ulemu wake, mlendo wa tsiku loyamba, anali atatsekeredwa ndi bodza langa, osatha kutuluka, osatha kuitana. Ndinathamangira kuseri kwa khitchini kumene timasunga zigubu. Zonse zinali zouma. Ndinali nditaletsa kutunga madzi tsiku limenelo, ndipo ndowa ndi kapu za m'chimbudzi ndinazibisa ndekha m'denga kuti alendo asazione.

Nditabwerera pabalaza ndinapeza Misozi atagwada pafupi ndi mpando wanga. Mayi Mwansa anali kuyang'ana chithunzi cha pakhoma mwachidwi chonse, ngati chithunzicho chikulankhula.

"Atate," anatero Misozi, "kubuti ya galimoto yawo kuli zigubu zinayi za madzi."

"Madzi a chiyani?"

"Ndinawauza kalekale kuti kuno kulibe madzi. Bwalya anabwerapo n'kundithandiza kukankha wilibala inu muli kuntchito. Amadziwa zonse. Anati sangabwere kudzatimalizira madzi otunga movutika, ndiye anabweretsa awo. Ndi zimene ankafuna kutsitsa mutawaletsa."

Mayi Mwansa, osachotsa maso pa chithunzi chija, anatambasula dzanja n'kuika makiyi a galimoto patebulo.

Galimoto inali kunja kwa geti. Kunja kwa geti kunali mudzi wonse. Ndinadutsa pakati pawo, anthu akupatuka, ndinatsegula buti, ndinanyamula chigubu cha malita 20, ndinadutsanso pakati pawo, suti ikunyowa, mpaka pakhomo la chimbudzi. Ndinagogoda.

"Asewere, madzi ali pakhomo."

Anayankha ndi mawu aja apang'onopang'ono, akuthokoza m'Chibemba: "Natotela, mukwai. Chigubu cha buluu chimadontha, muchigwire chopendeketsa."

Atatuluka sananene kanthu za nkhaniyo. Anasamba m'manja ndi madzi awo omwe, anakhala pansi, anamaliza nkhuku yawo, anapitiriza nkhani ya mgodi pamene anasiyira. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa. Potsanzikana anatsitsa zigubu zitatu zotsalazo, n'kupempha kuti chimodzi chipite kwa mayi uja wa chitenje chonyowa.

Sabata yotsatira kanema wa a Chileshe anali ponseponse m'mafoni, ine ndili m'mwamba, pansi atalemba kuti mudzi wathu tsopano uli ndi madzi, mapuloti atsala ochepa. Anadula bwino, thanki sikuoneka. Nditapita kukhonsolo kukapitiriza dandaulo lathu, mayi wa fayelo uja anandionetsa kanemayo pa foni yake n'kufunsa kuti, "Si inu awa mukuthokozawa?" Komiti inakhala pansi n'kusankha wapampando wina, amayi Daka, ndipo sindinatsutse. Koma ndikunenetsa, ndipo ndidzanenabe: pakanakhala paipi pansi pa msewu uja, ine sindikanakwera chulu. Anthu awiri amene akukankhirana mapazi 43 aja akugona tulo tabwino, wochita manyazi ndine.

Ukwati ulipo, asewere sanabwerere m'mbuyo. Koma madzulo a tsiku lija, alendo atapita, Misozi anabwera pamene ndinakhala pakhonde. Sanalire, sanakweze mawu.

"Atate, nyumba ino yopanda madzi sindinachitepo nayo manyazi. Ndinkaionetsa anzanga pa foni, kuti atate anga anamanga okha. Manyazi ndawachita lero."

Analowa m'nyumba. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikunena a m'thanki.

Amake Misozi anabwera ndi tiyi, anakhala pambali panga, n'kundifunsa modekha kuti pa zonsezi ndaphunzirapo chiyani. Ndinaganiza mofatsa, chifukwa ndinaona kuti akufuna yankho lochokera pansi pa mtima.

"Ndikanatseka valavu ya pageti," ndinatero.

Ananyamula tiyi uja n'kubwerera naye m'nyumba.